Amake Udzudzu ndi Sokosi ya Bambo

Ena amaweta nkhuku, ena mbuzi. Mayi awa amaweta udzudzu, ndipo kuntchito aliyense amangowatchula kuti Amake Udzudzu. Analowa ngati wokolopa pamalo pamene akatswiri amayesera mphamvu ya maneti oteteza anthu ku udzudzu, zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Lero chipinda chofunda cha kumapeto kwa khonde ndi chawo. Muli mabeseni a mphutsi, ndi timakola ta neti tosanjidwa pamashelefu.

Mlendo akalowa, amamuphunzitsa modekha. Udzudzu wamphongo suluma, umangoyamwa madzi a shuga pathonje. Waukazi ndiwo umafuna magazi, chifukwa popanda magazi mazira sakhwima m'mimba mwake. Zaka zonsezi mayiwa ankaudyetsa ndi mkono wawo. Ankagoneka mkonowo pamwamba pa khola, n'kuluma mano mpaka timimba tonse titafiira.

Kenaka kunabwera lamulo loletsa kudyetsa ndi mkono. Dokotala wachinyamata, amene anali atangoyamba ntchito, anabweretsa makina otenthetsa magazi a ng'ombe. Magaziwo amakhala kuseri kwa kachikopa kopyapyala koti udzudzu uziboola.

Udzudzu unakana. Tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka lachinayi, unangokhala m'mbali mwa khola ngati alendo onyanyala. Mayiwa anayamba kutola wakufa m'mawa uliwonse. Ankadziwa kuti ikapita sabata ina popanda mazira, mtundu wonse umene anausunga zaka zonsezi utheratu.

"Kutentha kuli bwino, magazi ndi atsopano," anadandaula dokotala uja akupukusa mutu. "Ndiye ukufunanso chiyani, mayi?"

"Ukufuna munthu, adokotala. Makina anuwa ndi aukhondo kwambiri."

Ataweruka anapeza amuna awo, amene amakonza njinga, atakhala pakhonde akukanda akakolo.

"Ana ako aja andimaliza," anatero bamboyo. "Tikhala pamodzi pompano, koma iwe sakukhudza. Kodi munagwirizana?"

"Mukanamasamba mapazi, bwenzi—"

Mayiwa sanamalize. Anangoyang'anitsitsa nsapato zimene zinali pambali, sokosi zili m'kati.

"Bambo, tandibwerekani sokosi imodzi."

"Ukachape?"

"Ayi, ikachapidwa ndiye yatha ntchito."

"Mkazi wanga, udzudzu uja wakulowa m'mutu!"

M'mawa mwake, atafika kuntchito, anaitulutsa sokosiyo m'kathumba ka pulasitiki. Dokotala anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Mayi, m'chipinda muno?"

"Udzudzu supeza chakudya ndi maso okha, mwanawe," anayankha, ataiwala ndi udokotala womwe. "Umatsata mpweya umene timatulutsa, kutentha kwa thupi, ndi fungo la thukuta. Kutentha mwaupatsa. Zinazo zili kuti?"

Anasisita kachikopa kaja ndi sokosi, mbali zonse. Anaika makina pamwamba pa khola, anapumiramo katatu, n'kufunditsa nsalu yakuda kuti udzudzu uyese kwada. Mayiwa anadikira ngati tsiku limene mwana wawo woyamba ankaphunzira kuyenda.

Patapita mphindi khumi anakweza nsalu pang'onopang'ono. Pansi pa kachikopa panali bii! Udzudzu unali utapanikizana, timilomo titazama, timimba tikutupa.

"Idyani, ana anga," ananong'ona.

Tsiku lachitatu, pepala lonyowa limene amaika m'khola linali litadzaza timazira takuda ngati mwaye. Dokotala anatenga cholembera n'kuwonjezera mzere pa malangizo opachikidwa pakhoma. Atamaliza anawapatsa mayiwa cholemberacho.

"Sainani pamunsipa. Njirayi ndi yanu."

Anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kuti aliyense wodzalowa m'chipindamo adzawerenge bwino.

Kunyumba bamboyo anamvetsera nkhani yonse atatukula chifuwa.

"Ndiye kuti maneti onse aja akuyesedwa chifukwa cha mapazi angawa?"

"Eya, bambo. Koma madzi ndatenthetsa kale, kasambeni."

"Ndisambe? Ukufuna ana athu afe ndi njala?"