Nyumba ya Kadontho

Pakati pa shopu ya telala ndi sitolo ya utoto panali kachipinda kopapatiza, ndipo m'menemo ndi momwe a Magalasi anadula magalasi kwa zaka makumi atatu. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewumo aliyense ankawaitana ndi dzina la ntchito, iwo n'kumayankha osadandaula. Anali bambo woonda, wa zala zodzaza zipsera, ndipo ankayenda chammbali ngati nthawi zonse anyamula galasi lalikulu. Pa ntchito anali katswiri, ndipo iwo eni ankadziwa zimenezo. Zenera ankaliyeza ndi maso, tepi n'kuitulutsa pongofuna kuti mwini nyumba akhazike mtima pansi.

Chimene chinawakanika ndi banja. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, a Magalasi anapita kukagwira ntchito pa nyumba zosanja zimene zinkamangidwa kutali. Anati akakhala miyezi itatu, koma anakhala zaka zinayi, ndipo pobwera anapeza mkazi wawo atasiya kale kuwayembekezera. Ukwati unathera pomwepo. Mwana uja ankamutumizira nsapato kamodzi pa chaka, koma nsapatozo zinkafika zothina, chifukwa m'mutu mwawo mwanayo sankakula.

Anadzakhala naye nyumba imodzi ali kale ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mayi ake atamwalira. Anali atapeza ntchito yopima magazi pa chipatala chapafupi, ndipo zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu zinali ndi malo. Anali mwana waulemu: "zikomo bambo," "pepani bambo," "mwadzuka bwanji bambo." Ulemuwo ndi umene unkawapweteka, chifukwa unali ulemu umene munthu amapereka kwa mwini nyumba ya lendi.

Tsiku lofika anabwera ndi sutikesi imodzi ndi kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi dothi, kamene anakafumbata m'manja ulendo wonse.

"Mwabzalamo chiyani, mayi?" anafunsa a Magalasi.

"Si mbewu, bambo. Muli kangaude."

Anayang'anitsitsa. Pansi pa kakhungwa ka mtengo panasuzumira timiyendo tiwiri. Kanali kamwana ka talantula, akangaude akuluakulu aubweya aja, koma iko kanali kasanapose chikhadabo cha chala chaching'ono. Mtsikanayo anapatsidwa ndi mnzake amene ankaweta akangaude otere, pa nthawi imene mayi ake ankadwala, ndipo anakatcha Kadontho. A Magalasi anafuna kufunsa kuti munthu wamutu wake amaweta bwanji kangaude, koma anaona mmene ankakayang'anira, n'kumeza funsolo.

Patapita miyezi iwiri, kuchipatala anamutumiza ku maphunziro a masabata atatu. Analemba malangizo pa pepala n'kulimata pakhoma, pamwamba pa kabotolo kaja.

"Kamphutsi kamodzi Lachiwiri, kena Loweruka. Madontho ochepa a madzi mbali imodzi ya dothi. Zina zonse zili pa pepalapo, muwerenge. Chachikulu, musasinthe kalikonse."

"Pitani bwino, mayi. Ntchito yake ndi yochepa."

Anawerenga mizere itatu yoyamba, yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Kumunsi zilembo zinayamba kuchepa chifukwa pepala linkatha, ndipo maso awo anali atayamba kale kuwanamiza. Mumsewu monse zinkadziwika kuti a Magalasi amakana magalasi a maso. Anangoti mumtima, kangaude n'kangaude, zotsalazo ndi nkhawa za ana ophunzira.

Pa tsiku lachitatu telala wa shopu yoyandikana, mayi wonenepa wokonda nthabwala, analowa kudzabwereka nyundo ndipo anaona kabotolo kaja.

"Ndiye mdzukulu wanuyo ameneyu? Agogo ake akumata magalasi m'nyumba za mabwana, mdzukulu akugona m'botolo losungira mabatani? Manyazi mulibe, achimwene."

Anaseka onse. Koma telala atatuluka, mawuwo anatsala. A Magalasi anaganiza za zaka zonse zimene mwana wawo anagona m'nyumba zimene iwo sanaikemo ngakhale zenera limodzi. Apa panali chinthu chimene manja awo akanatha kumuchitira.

Anatseka shopu masiku awiri. Anasankha galasi lochindikala, lopanda ndi kachikanda komwe, n'kudula bokosi lotalika ngati mkono wonse, msinkhu wake wofika m'bondo. M'mphepete anapalamo mpaka munasalala ngati mbale. Kumbuyo anamata kalilole kuti nyumbayo izioneka yaikulu kawiri. Pansi anathira mchenga woyera wosefa, anayala miyala ya kumtsinje, anaimika maluwa a pulasitiki, ndipo pamwamba anaika sefa wa waya ndi kababu kowala. Inali ntchito yokongola kuposa ina iliyonse imene anagwirapo chaka chimenecho. Kenako anapendeketsa kabotolo kaja, n'kugogoda kumbuyo kwake mpaka Kadontho kanagwera pa mchenga. Dothi lakale anakataya kuseri, m'botolomo n'kuthiramo timisomali.

Bokosilo analiika pa kauntala kuti makasitomala azilisirira, ndipo analisiriradi. Ena ankagogoda galasi kuti kangaudeyo ayende.

Kadontho sikanapeze pokumba, chifukwa mchenga wouma unkangogumukira. Kanazungulira m'mphepete tsiku lonse, kanakwera galasi mpaka pafupi ndi sefa, n'kugwa. Kanakweranso, n'kugwanso. Pomaliza kanadzipanikiza pansi pa mwala, kuthawa kuwala kwa babu. Kamphutsi ka Loweruka kanayenda ulendo wake mbali ina ya bokosi osakumana nako. Ka Lachiwiri chimodzimodzi.

Mwana wawo ankaimba foni pa nthawi yopuma masana.

"Kadontho kali bwanji, bambo?"

"Kali bwino, mayi. Mudzakapeza kakusangalala."

"Kakudya?"

"Pang'onopang'ono."

Akadula foni ankapukuta manja pa ovolosi ngati agwira mafuta.

Kutatsala masiku anayi kuti abwere, m'mawa akutsegula shopu, anapeza Kadontho katatuluka pansi pa mwala paja. Kanali katagona chagada, miyendo m'mwamba, osagwedezeka. Anagogoda galasi, koma iko kanali zii. Anachotsa sefa, natenga kamtengo ka machesi n'kukagunda pang'ono. Mwendo umodzi unanjenjemera. Poganiza kuti kagwa ndipo kakulephera kudzuka, analowetsa kamtengo kaja pansi pake n'kukatembenuza.

Apo ndi pamene anaona kuti kumsana kwake kunali kutang'ambika, ndipo mkati munkatuluka thupi lina, lotuwa, lofewa ngati lanyowa. Kakangaude kanaphiriphitha kwa nthawi yaitali, kakudzikoka m'khungu lakale. Miyendo isanu ndi iwiri inatuluka. Wachisanu ndi chitatu, umene kamtengo kanapinda, unatsalira m'khungumo.

Anathamangira kuchipinda, anamatula pepala lija n'kupita nalo kwa telala.

"Tandiwerengerani kumunsiku."

Telala anakweza magalasi ake n'kuwerenga: "Kakasiya kudya musadandaule, koma muchotsemo kamphutsi. Mukakapeza katagona chagada, sikanafe, kakufundula. Chonde musakakhudze ngakhale pang'ono." Anatsitsa pepala n'kuwayang'ana. Ulendo uno nthabwala analibe.

Masiku anayi amenewo a Magalasi anaswa magalasi awiri a makasitomala, chinthu chimene anali asanachite chiyambire. Babu anazimitsa, bokosi analichotsa pa kauntala n'kuliphimba ndi nsalu. Maganizo oipa anawabwerera kangapo. Akanatha kukhuthula timisomali, kufukula dothi kuseri, kubwezera Kadontho m'botolo, bokosi n'kukalibisa kwa telala. Za mwendo akanati sakudziwa. Tsiku lina anafika pokhuthula timisomali tija patebulo. Anatiyang'ana kwa kanthawi, n'kutibwezeramo. Kamwanako kanali kofewa kwambiri moti kukasunthanso kukanakhala kukamaliza, ndipo iwo anali atamunamiza kale mwana wawo mokwanira.

Mwana wawo anafika Lamlungu masana. Asanatule n'chikwama chomwe, maso ake anapita pa shelefu pomwe pankakhala kabotolo.

"Mayi, khalani pansi kaye," anatero a Magalasi. "Ndalakwa."

Sanakhale. Iwo anavundukula nsalu ija n'kufotokoza zonse ali chiimire: mawu a telala, bokosi, makasitomala ogogoda, kamtengo ka machesi, pepala limene sanawerenge. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi galasi n'kuyang'ana pansi pa mwala kwa nthawi yaitali. M'kalilole muja a Magalasi ankaona nkhope yake, ndipo akanakonda akanapanda kuiona.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero motsitsa mawu.

"Ndimafuna kuti mupeze chinthu chabwino."

"Chabwino kwa ndani, bambo? Munandifunsa? Foni ndimaimba tsiku ndi tsiku." Anaimirira. "Amayi akudwala, ndinkakakamira kamoyo kameneka chifukwa n'kokha m'nyumba muja kamene ndinkatha kukasamala n'kuona kakukula. Ndinakusiyirani inu chifukwa ndinkafuna ndione ngati ndingakusiyireni kanthu."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. A Magalasi anakhala pa mpando wa makasitomala mpaka dzuwa linapendeka. Aka kanali koyamba kuti mwana wawo awakalipire.

Kwa masiku atatu ankangopatsana moni. Lachinayi, atabwera kuntchito, anaika pa tebulo la shopu kakontena ka pulasitiki koonekera mkati, kotalika ngati chikhatho, ndi kathumba ka dothi lakuda.

"Khungu lake lauma tsopano, tingakasamutse. Muli ndi singano ndi kandulo?"

A Magalasi anabwereka singano kwa telala. Mtsikanayo anajambula madontho ndi cholembera m'mbali ziwiri za kontena, kumtunda, ndi ena pa chivundikiro.

"Mubowole pomwe ndalembapo basi. Bowo likakula kuposa mutu wake, katuluka. Mabowo a mbali ziwiri ndi oti mpweya uzidutsa, dothi lisachite nkhungu."

A Magalasi anatenthetsa singano n'kuyamba kubowola. Ntchito ya pulasitiki anali asanaizolowere. Bowo lachitatu linakula.

"Limenelo mumate ndi tepi. Musathamange."

"Chabwino, mayi."

Mtsikanayo anathira dothi mpaka kupitirira theka la kontena, n'kulitsendera ndi chala. Anafotokoza kuti mpata wa pamwamba uyenera kuchepa, chifukwa mimba ya kangaude wotere ndi yosalimba, akagwa kuchokera patali imaphulika. Mbali imodzi anadonthezera madzi, ina anaisiya youma kuti Kadontho kazisankha kokha. Anabaya kadzenje ndi pensulo pakona, n'kuvundikirapo kakhungwa. Kachitsekerero ka botolo kanakhala mbale ya madzi.

"Basi?" anafunsa a Magalasi.

"Basi. Malo akachepa, kamapeza chakudya msanga ndipo sikachita mantha. Kakakula tidzakuza."

Mawu akuti "tidza" anawamva bwino, koma sanayerekeze kuwabwereza. Mtsikanayo anatenga kaburashi kofewa, n'kukankhira Kadontho mwaulemu m'kapu, kuchoka m'kapu kulowa m'kontena. Kanayenda mopendekera, mbali imodzi ili ndi mpata. A Magalasi anayang'ana kumbali.

"Yang'anani, bambo. Munakapundula ndinu, ndiye muzikaona."

Anayang'ana. Kanafufuza dothi ndi miyendo yakutsogolo, kanapeza kadzenje kaja, n'kulowa chobwerera m'mbuyo.

Mwendo uja unaphukanso pa kufundula kotsatira, woonda ndi wotuwa ngati ulusi, ndipo unadzafanana ndi inzake patapita chaka chathunthu. Mwana wawo anawauza kuti akangaude amatero, ndipo nkhani ya mwendo sanaitchulenso. Koma a Magalasi mtima sunawamasuke. Nthawi zonse akayang'ana m'kontenamo, maso awo ankapita pa mwendo womwewo, ngakhale pamene munthu wina sakanatha kuusiyanitsa.

Mtsikanayo anakhala nawo zaka ziwiri, kenako anapeza chipinda chake pa nyumba yosanja pafupi ndi chipatala. Pa nthawiyo Kadontho kanali katakula ngati chikhatho cha mwana, kaubweya wofiirira, ndipo kontena yachitatu inali itachepa. Tsiku lina anafika pa shopu ndi yunifolomu yake, anaima kutsogolo kwa kauntala ngati kasitomala, n'kupereka kapepala ka miyezo ya bokosi latsopano la galasi: utali, mulifupi, msinkhu, ndi malo a mabowo.

"Mungathe pofika Loweruka?"

"Nditha."

Anagwira ntchitoyo pang'onopang'ono, akuyeza mbali iliyonse kawiri. Loweruka ananyamula bokosilo atalikulunga m'bulangeti, n'kukwera nalo masitepe mpaka pa nsanjika yachitatu, akupuma panjira. Mwana wawo analiyendetsa chala m'mphepete monse, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Liikeni apo, kutali ndi zenera. Mwatopa, khalani pansi. Ndikuikireni madzi a tiyi."

A Magalasi anakhala pa mpando umodzi wokha umene unali m'chipindamo, chipewa chili pa bondo, n'kudikira kuti madzi awire.