Dzino la a Nkhoma ku Peckham

Amene anandilakwira ndi malume anga enieni, a Benesi, alongo awo a amayi. Anandisiya ndekha m'chipinda ndi munthu akutha magazi, n'kundiuza kuti apolisi akafunsa ndinene kuti dzino ndazula ndine.

Ntchitoyi sindinachite kuifuna. Sukulu ndinalekezera Fomu 1, nditang'amba mlomo wa mphunzitsi ndi chibakera. Amayi ataona kuti mtima wanga wapachalawu udzandigonetsa kundende, ananditumiza ku London kwa alongo awo, amene anathawa kwathu pa nkhani za ndale. Ndinalowa ngati mlendo wodzacheza. Miyezi imene anandipatsa inatha, ine osabwerera.

Malume iwo analowa mwaulemu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 dokotala wa mano ankaloledwa kulowa ngakhale asanapeze womulemba ntchito. Koma kulowa ndi kwina, kuloledwa kugwira m'kamwa mwa munthu ndi kwinanso. Maphunziro awo anachitira dziko lina, ndipo kuno ankafuna kuti ayambe akhoza mayeso. Analemba, analephera. Basi anagula mpando wakale wometera tsitsi, n'kuuika m'chipinda cha kumbuyo m'fulati yathu, nyumba yapamwamba ku Peckham, dera lina la mu London, n'kumazula mano a anthu akwathu mwakabisira.

Ine ndinali wowiritsa zida: zopanira zozulira mano, kachitsulo kogwedezera dzino kamene ankati eleveta, ndi sirinji yachitsulo ya mankhwala ochititsa dzanzi. Zikawira bwino m'poto ndinkazivuula ndi chopanira china, osakhudza ndi dzanja, n'kuziyala pa thireyi. Ndinkadula thonje, kuunikira m'kamwa ndi tochi, ndi kugwira mutu wa wodwala kuti asathawe. Lamulo linali limodzi. "Akagogoda mzungu, zida mu uvuni, mpando uphimbe ndi nsalu." Aliyense akamakwera masitepe, ndinkaganiza kuti ndi apolisi odzandibweza kwathu. Kubwezedwa kwathu, ine wa m'banja la munthu wothawa boma, kunali kukatsikira m'manja mwa apolisi pabwalo la ndege pomwepo.

Loweruka lina masana kunabwera a Nkhoma, kondakitala wa basi, bambo wa imvi. Iwo mapepala okhalira m'dziko muno anali nawo, koma ankafuna dokotala womva Chichewa. "Adokotala, lichotseni, landigonetsa chokhala sabata yonse," anatero akuseka ndi tsaya limodzi. Malume anabaya jakisoni, anagwedeza, dzino la m'mbali linatuluka bwinobwino. Ndinaika thonje, a Nkhoma analuma. Linafiira. Ndinaika lina, linafiiranso. Beseni lolavuliramo linayamba kudzaza magazi.

"Bambo, mumamwa mankhwala ena alionse?" anafunsa malume, funso loyenera kufunsa munthu asanayasamule.

A Nkhoma analoza pamtima. Ankamwa mapiritsi osungunula magazi. Sananene chifukwa dokotala sanafunse, ndipo kwathu dokotala sumuphunzitsa ntchito.

Milomo yawo inayamba kutuwa, thukuta lili kamukamu. Ndinati tiitane ambulansi. Malume anandikokera kukhitchini.

"Wapenga? Akandipeza ine, mayeso aja sadzandilolanso kulemba mpaka kufa. Iwe ulibe chotaya. Ukanene kuti umawathandiza ndi pulayala. Ndine mwini mbumba, ukumva? Unabwera kuno ndi dzina langa."

Anavala jekete, n'kutsika masitepe a kumbuyo.

Ndinaima pakati pa chipinda. Ndikaitana ambulansi, apolisi andigwira. Ndikapanda kuitana, bamboyu afera pampando wometera. Ndinawagwiritsa thaulo pakamwa, ndinathamangira ku foni ya pamsewu, magazi ali m'manja, ndipo chala chinkaterereka poimba. Mu ambulansi ndinakanikiza thonje pachilonda njira yonse, kwinaku ndikuyembekeza kuti chitseko chikatseguka ndiona yunifolomu ya apolisi.

Kuchipatala nesi anandiyang'ana, n'kufunsa kuti wazula dzinoli ndani. Ndinatembenukira kwa a Nkhoma. A Nkhoma anakweza dzanja, n'kudziguguda pachifuwa. Anang'ung'udza m'Chingelezi, thonje lili m'kamwa, kuti dzinolo analizula okha kunyumba, ine ndine mwana wawo. Nesi anawakalipira ngati kamwana, iwo akungogwedeza mutu. Anawasoka, anawaika diripi, anachira.

M'fulati muja sindinagonemonso. A Nkhoma ananditenga kwawo ku Barking, ndipo nkhani ya mapepala anga anailondola ndiwo. Lero ndimatsuka zida kuchipatala, ndipo chimene ndinatola pa tsiku lija n'chakuti munthu akamatha magazi umayamba waitana thandizo, za iwe mwini uziganiza pambuyo.

Malume ndinakumana nawo pa mapemphero a Amalawi, a Nkhoma atatuluka m'chipatala. Malumewo ndinawamva pa tiyi akuuza azimayi kuti mnyamata wa mlongo wawo ndi wosamva, anatsala pang'ono kupha munthu poseweretsa zida zawo. Chibakera changa chinadzikunga chokha. Ndinachilowetsa m'thumba, chifukwa apolisi sindinkawafunabe. Sindinagwade monga ndinkachitira polankhula nawo. Ndinaima patsogolo pawo, maso ndi maso, anthu onse akumva.

"Malume, kwathu mlandu ukabwera, mwini mbumba ndiye amaima kutsogolo, ana kumbuyo. Inu munandikankhira kutsogolo, n'kuthawira masitepe a kumbuyo. Amene anandiimira ndi awo akhala apowo, amene munawasiya kuti afe. Kuyambira lero malume anga ndi amenewo."