Mkanda Umene Unamera

Mayi Esteri a ku Limbuli anathyola tiyi pa esiteti zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka msana unakana dengu. Atasiya ntchito sanakhale manja lende. Anayamba kutunga mikanda, osati ya pulasitiki ya m'sitolo ija ayi, koma ya njere zimene nthaka yatulutsa nyengo imeneyo.

Ukafuna kudziwa mwezi unkangosuzumira m'lichero mwawo. Dzuwa la Okutobala likaphulitsa nsatsi, mikanda inali ya nsatsi, yamawanga ngati nkhanga. Masuku akapsa, inali ya nthangala za masuku. Chiperoni akaphimba phiri ndi kamvula kake kozizira, ankatola njere za tiyi pansi pa mitengo yosadulira n'kuzipukuta ndi mafuta mpaka ziwale. Loweruka ankakwera kabaza kupita nayo ku Muloza, kumene amayi a ku Milanje, tsidya la Mozambiki, ankailimbirana.

Ntchitoyi inali ndi lamulo lake. Njere iliyonse ankayamba aiwiritsa, kenako n'kuiboola ndi singano yootcha pa makala. Ankati njere yamoyo siikhazikika pakhosi: ikapanda kumera, anankafumbwe aidya.

Mbewu imodzi yokha sankaitunga, kalongonda wa mayi awo. Kalongonda tonse timamudziwa, nyemba zophika tsiku lathunthu n'kumataya madzi, zoti ukaphika mwaulesi banja lonse lizungulira mutu. Koma uyu anali wamtundu wake, wotuwa wa mizere yakuda. Mayi awo anabwera naye kuchokera ku Mozambiki atamumanga pamsonga ya chitenje. Anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Chimene chinatsala ndi mbewuyo basi, ndipo a Esteri ankaidzala chaka ndi chaka n'kusungako ina m'chigubu.

M'chaka cha 2022 mwana wawo Lettie anapeza banja ku Chitakale.

"Amayi, mkanda wanga wa ukwati ukhale wa kalongonda wa agogo," anatero Lettie.

A Esteri anavomera. Madzi anawira, singano inafiira, inazirala, inafiiranso. Dzanja linakana. Kuwiritsa mbewu ya mayi awo kunawawawa mumtima, ndipo sakanatha kunamizira kuti sikukuwawa. Mapeto ake anasolola kawaya kamkuwa m'wailesi yakufa n'kukulunga njere iliyonse payokha, yosawiritsa, yosaboola. Zinakwana makumi awiri ndi zinayi. Pa ukwati anthu anauyamikira mkandawo, a Esteri akudziwa mumtima kuti aphwanya lamulo lawo lomwe.

Zoona, mu Disembala mvula inamupeza Lettie panjira akuchokera kutchalitchi. Anaupachika mkandawo pa msomali uli chinyowere. Patapita masiku anayi njere zitatu zinatupa n'kutulutsa timizu toyera. Amayi oyandikana ndi Lettie, poti pakamwa pawo sipachedwa, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mayi ako anakupatsa dimba la pakhosi, uzithirira m'mawa," anatero.

Nkhani inafika ku Limbuli, inafikanso ku Muloza. A Esteri anachita manyazi kwambiri moti anatumiza uthenga kuti mkandawo ubwere adzautaye. Lettie, atakwiya ndi onse, mayi ake omwe, anathothola njere zomerazo, n'kuponya zotsalazo m'chitini cha mkaka pansi pa sutikesi.

Mu Malichi namondwe anafika. Mvula inagwa masiku osaleka, madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo. A Esteri anapulumuka ndi chitenje cha m'thupi chokha. Nyumba inapita, chigubu cha mbewu chinapita, munda umene kalongonda anali atayanga kale unakwiririka ndi mchenga. Atachoka kusukulu kumene anthu anathawira, anafunsa kalongonda uja khomo ndi khomo. Anafunsa pa msika wa Limbuli, anawoloka mpaka ku Milanje. Woyera analipo, wakuda analipo, koma wa mizere aliyense ankangopukusa mutu.

Chiperoni anabwera n'kupita, njere za tiyi zikuwolera pansi. Nsatsi zinaphulika popanda wozitola. Makasitomala akafunsa, a Esteri ankati maso akuvuta, koma maso analibe vuto. Ankaona ngati mayi awo amwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno m'manja mwawo.

Mitambo itayamba kusonkhana mu Novembala, Lettie anatsika pa kabaza pakhomo pa kanyumba katsopano ka mayi ake. Anagwada n'kuika chitini patsogolo pawo.

"Amayi, dimba lanu lija ndabwera nalo."

A Esteri anatsegula. Mkanda uja unali momwemo.

"Iwe, sunataye?"

"Ndinali ndi mkwiyo, koma osati wotaya agogo."

Anayala chitenje, awiriwo n'kuyamba kumasula kawaya njere imodzi imodzi. Zisanu ndi zitatu zinali mphako zokhazokha, anankafumbwe atamaliza kale. Zina zinali zokwinyika. Mbewu yoti inanyowapo n'kugona chaka m'chitini, ndani angailonjeze? Mvula yoyamba itagwa anadzala zonse kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mango, n'kutchinga ndi minga kuopa nkhuku.

M'mawa uliwonse a Esteri ankapita kukaona. Sabata inatha kuli zii. Lettie anabwerera ku banja lake. Tsiku lachisanu ndi chinayi nthaka inang'ambika malo anayi, timitu tobiriwira titasuzumira.

Panalibe wina pafupi. A Esteri anakonza chitenje, anagwada pa dothi lonyowalo monga agwadira munthu wamkulu amene wafika kuchokera kutali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwayenda bwanji, amayi?"