Tchire la Pamalire

Achimwene anga aakulu anthu amawatchula kuti a Mapulani. Dzinalo ndinawapatsa ndine, mowanyoza, ndipo linawakanirira mpaka lero. Tinabadwa atatu: iwowo, ine, kenako mng'ono wawo amene tonse timamuti Tsabola. Ameneyo kupsa mtima anabadwa nako, moti amayi ankati ali wakhanda ankaluma bere asanamere ndi mano omwe.

A Mapulani anagwira ntchito kuesiteti zaka khumi ndi zisanu, yopopera mankhwala m'minda. Chigubu kumsana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anabwerako ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale, komanso nkhani imodzi yomwe ankaibwereza mpaka kutitopetsa. Akuti tsiku lina atapopera anawatuma kukasesa njuchi zakufa, ndipo anadzaza wilibala katatu.

"Mlongo wanga, ndapha zambiri ine," ankatero. "Zakwana."

Bambo atamwalira, munda unagawidwa pawiri, kuchokera kuphiri kutsikira kumtsinje. Ine sindinafune gawo, ntchito yanga ndi yosoka. Tsabola analima mbali yake yonse mpaka m'mphepete mwa madzi, osasiya ngakhale poti chiwala chingatere. Koma achimwene anayamba ndi pepala. Anatembenuza kalendala yakale, nakhala pakhonde sabata yathunthu akunyambita pensulo, anzawo akugalauza.

"Apa ndikumba dziwe la achule," anandilozera. "Achule amadya mbozi. Apa mulu wa miyala, wa abuluzi. Mtengo wouma uwu usadulidwe, m'mphako mwake mudzakhala akadzidzi, makoswe adzaona zakuda. Ming'oma ya njuchi ikhala apa. Koma mtima wa zonse ndi uwu."

Unali mzere wa tchire wotsata malire a minda iwiriyo, kuchokera kuphiri mpaka kumtsinje, mapazi khumi m'lifupi. Wosalimidwa, wosatenthedwa, wosapoperedwa. Akuti zamoyo zizitsika kukamwa madzi osadutsa poyera. Mapazi asanu apereke iwo, asanu apereke Tsabola.

Tsabola anayang'ana kalendalayo, nalavula pambali. "Ndilimire njoka ine? Achimwene, mankhwala aja anakulowani m'mutu."

Basi achimwene anapereka okha mapazi khumi onsewo.

Ndisaname, zinthu zinabweradi. Pofika chaka chachinayi maungu awo ankabereka mochititsa nsanje, uchi unkadzaza ndowa, nkhanga zinkaikira mazira m'tchiremo, ndipo mbozi zikalowa m'minda ya anthu, wawo zinkangoulawa pang'ono. Koma tchire silisankha alendo. Nungu zinkatuluka m'menemo kukafukula mbatata za Tsabola. Anyani anapeza msewu wa tala wopita kuchimanga chake. Munthu anali ndi ana anayi, ndipo ana sadya kulira kwa mbalame.

Ndiye nkhondo inayamba. Tsabola anatchera mawaya, nkhanga zakufa n'kumazipachika pazikhomo zapamalire mpaka zichite mphutsi. Anaphwanya ming'oma iwiri ndi nkhwangwa. Tsiku lina anathira mankhwala m'dziwe lija, achule onse mimba mbuu pamwamba pa madzi. Achimwene anawavuula ndi dengu, nawakwirira. Ine ndi amene ndinkalankhula, pakamwa pangapa sipauma.

"Kodi ndinu mwamuna wanji inu? Mwana uja munkamubereka kumbuyo, lero akukunyerani pamutu? Mumuphe khofi kamodzi, adziwe wamkulu!"

Mawu amenewo amandiwawa mpaka pano. Ndinawanenadi, ndipo si kamodzi.

Tsabola anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ndi pulawo. Ndizo zinali msana wa banja lake. Nthawi yotentha, udzu utauma gwaa, imodzi inalowetsa mutu m'tchire lija kufuna msipu, mphiri n'kuiluma pamphuno. Pofika masana mutu unali utatupa, lilime panja, ikupuma movutika. Inafa tonse tikuona. Tsabola anagwada m'fumbi atagwira nyanga, akulira ngati pamaliro a mwana. Achimwene anafika akuthamanga, akutsokomola. Anayang'ana ng'ombe, nayang'ana tchire lawo. Abale inu, mawu a chipepeso ndi ambiri padziko pano. Iwo anasankha awa:

"Kodi njokayo waipha?"



Tsabola anadzuka pang'onopang'ono. Chibakera choyamba chinawachotsa mano awiri. Chachiwiri chinawagwetsa chagada pa ng'ombe yakufayo. Anawakhalira pachifuwa, n'kumawamenyetsa mutu pansi, mpaka ine ndi mlamu wanga, mkazi wa Tsabolayo, tinamukoka ndi malaya. Achimwene sanabwezere. Anangodzuka, nalavula magazi, n'kumapita.

Mawa lake masana, dzuwa lili paliwombo, mphepo ikuwomba kuchokera kuphiri, ndinaona utsi tolo! Tsabola anali atayatsa tchirelo kumtunda. Ndinasiya makina ndi nsalu ya mwini, ulendo.

Moto wa m'tchire la zaka zinayi si wamasewera. Unkatsika mzerewo ukubangula, nsungwi zikuphulika, njuchi zikugwa m'mwamba ngati mwaye. Ndipo chifukwa mzere uja unali njira imodzi yokha, monga anaukonzera mwini wake, zamoyo zonse zinathawira kumodzi, kumtsinje. Kumeneko n'kumene Tsabola anakaima ndi chibonga. Chilichonse chotuluka, pha! Nungu, pha! Fulu anamuswa chigoba ndi mwala. Nkhanga zopsa mapiko ankaziponda ndi jombo. Ankalira ndi kutukwana nthawi imodzi, mamina ndi misozi zitasakanikirana ndi phulusa.

Achimwene anafika ndi khasu, milomo yotupa. Sanabwerere ndewu, ayi, ndikulumbira. Ankafuna kulambula kuti adule moto, apulumutseko kachigawo kakumunsi. Analambula mapazi angapo, chifuwa n'kuwakanika. Ali chiweramire choncho, m'motomo munatuluka gwape wamkazi, ubweya wakumsana ukufuka utsi. Anapunthwa pamaso pa Tsabola. Chibonga chinamuthyola miyendo yakutsogolo. Gwape akalira amamveka ngati khanda, ndipo uyu analira, akukwawa ndi chifuwa kulunjika kumadzi. Tsabola anawerama, nakwezanso chibonga.

Sindinaone achimwene akuyenda. Ndinangoona khasu lili m'mwamba. Linatsika kamodzi kokha, chakumutu kwa mpini, pamsana pa Tsabola, pamwamba pa lamba.

Khu!

Tsabola anagwa chafufumimba. Sanakuwe. Anayesa kudzuka ndi manja, nagwanso. Anatembenuza nkhope yodzaza phulusa, nayang'ana mkulu wake ngati mmene ankawayang'anira ali mwana.

"Achimwene, miyendo yanga ili kuti?"

Anali achimwene omwewo amene anamunyamula kumbuyo mpaka kumsewu, akutsokomola magazi, ine ndikugwirizira miyendo yolendewerayo. Kuchipatala anati fupa la msana lathyoka, sadzayendanso. Apolisi anabwera tsiku lomwelo. A Mapulani sanakane mlandu, ndipo anakakhala kundende zaka zitatu.

Pamene ankatuluka, minda yonse iwiri inali thengo. Mlamu wanga akanalima bwanji, mwamuna ali gone, womutembenuza ndi kumusambitsa ali yemweyo? Ng'ombe yotsala ija inali itagulitsidwa kale. Ndiye achimwene anatenga minda yonse, kuti adyetse mabanja awiri. Wowaletsa panalibenso. Mzere uja anaubwezeretsa, tsopano mapazi makumi awiri, mbali zonse za malire. Maiwe alipo atatu. M'mphepete mwa mtsinje anabzala bango ndi mikuyu, madzi saphwanso. M'mawa mbalame zimasokosa moti munthu sungamve wailesi. Ana a Tsabola amadya n'kukhuta, zimenezo sindingabise.

Tsiku lililonse, asanagwire khasu, achimwene amalowa m'nyumba ya mng'ono wawo, kumusambitsa, kumuveka, n'kumubereka kukamukhazika pakhonde. Masiku ena Tsabola amawalavulira m'khosi. Tsiku lina anawaluma khutu mpaka kung'ambika. Iwo amangopukuta. Amati chibale ndi fupa, sichiwola, koma ine ndaona kuti fupa limathyoka.

Mwezi wathawu alangizi a zaulimi anabweretsa alimi odzaza lole kudzaphunzira. Anayendera maiwe, nasuzumira m'ming'oma, najambula ndi mafoni. Pomaliza anasonkhana pabwalo, pafupi ndi khonde lija. Mayi wina anakweza dzanja.

"Bambo, kwathu vuto ndi oyandikana nawo, safuna kumva za tchire. Inuyo mnzanu wapamalire munamunyengerera bwanji kuti avomere?"

Achimwene anayang'ana pansi. Anayankha ndi Tsabola, ali pampando wake, bulangete pamiyendo yowonda ija, mokweza kuti aliyense amve.

"Musavutike, mayi. Ine ndine wapamalireyo. Anandipempha ndi khasu."