Jekete la m'munda wa pa paipi

Zinayamba m'dzinja la 1997, eni atsopano a fakitale ina ya mafuta atayamba kujambula paipi yawo ya mafuta ndi setilaiti kuti aone pomwe mbala zingaboole. Aneba anga, madala opuma ntchito ku njanji, amalima chimanga pamwamba pa paipiyo. Chimvereni nkhaniyi, amapalira atavala jekete ndi tayi.

"Amayi, akumwambawo aone kuti sindine kawalala," amandiuza, thukuta lili kamukamu.

Pa 9 Febuluwale 1998 kunabwera injiniya ndi chithunzi, munda wa madalawo atauzunguliza ndi inki yofiira. Akuti chimanga chingabise mbala, chidulidwe.

Madala anachiyang'anitsitsa chithunzicho. "Nanga ine ndili pati?"

"Anthu saoneka, ba shikulu," anayankha injiniya, powalemekeza ngati agogo.

Izi zinawapweteka kuposa za chimanga. Jekete anandisiyira kuti ndiziwopsezera mbalame, ndipo pa 3 Meyi anasamukira ku Shimabala, kumene amalima atavala vesti.