Kapepala Kunsi kwa Kiyibodi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa maliro a mkazi wanga. Mkazi wangayo, Tiyamike, ankataipa makalata m'kashopu kena pafupi ndi Msika wa Tsoka, ndipo titachoka kumanda, abwana ake, a Nabanda, anandikokera pambali.

"Mpando wake ulibe munthu. Mukagwira bwino mwezi umodzi, ndi wanu."

Dipuloma yanga ya zaulimi inali itatha zaka ziwiri m'sutikesi. Ndinavomera.

M'kashopumo munali kompyuta imodzi, pulinta ndi makina a fotokope. Ndinkataipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, nthawi zina a maliro. Pa zizindikiro za ndalama, kwacha sivuta, umangolemba MK. Dola ili pa kiyibodi, umadina Shift ndi 4. Masana a Nabanda akapita kokadya ndinkatsala ndekha. Sindinkasuntha chilichonse patebulo. Ngakhale kiyibodi ndinkaipukuta ili pomwe Tiyamike anaisiya.

Sabata yachitatu kunabwera bambo wachikulire, mlonda wa ku Area 11. Mpingo wa kumudzi kwawo unkapempha thandizo la mjigo, ndipo abwana ake, amene ankabwerera ku Ulaya madzulo omwewo, anavomera kutenga kalata ya pempholo. Anamujambulira pa envelopu chizindikiro cha yuro, ndalama ya kwawoko, chonga C chokhala ndi timizere tiwiri pakati, n'kumuuza kuti chioneke chomwecho.

Ndinafunafuna pa kiyibodi yonse osachipeza. Ndinataipa C, n'kusindikiza, n'kuwonjezera timizereto ndi bolopeni.

Bamboyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Mwana wanga, anthu akunja akaona izi adzati tikusewera. Mayi uja ankakhala apayu sankatero. Ali kuti?"

"Anatisiya, bambo."

Anavula chipewa.

A Nabanda analankhula ali pa fotokope, osacheuka. "Muno simutuluka kalata ya zigamba. Tembenuzani kiyibodiyo."

Sindinkafuna, koma ndinaitembenuza. Kunsi kwake kunali kapepala komata ndi selotepi. Zolemba za Tiyamike, zopendekeka monga mwa masiku onse: "Yuro. Yatsa Num Lock, gwira Alt, 0128, kenako siya. Manambala a kumanja, osati a pamwamba."

Koyamba ndinasiya Alt msanga, chizindikirocho sichinabwere. Kachiwiri € anaoneka bwinobwino patsogolo pa nambala. Bamboyo anapinda kalatayo mosamala, n'kuthamangira minibasi.

Mwezi utatha a Nabanda anandiitana. Anangondipatsa kiyi wa kashopuko.

Ndinaphunzira kuti chimene sukuchidziwa sumachibisa ndi bolopeni, umafunsa. Kapepalako kakadali pomwepo. Chaka chatha ndinawonjezerapo paundi, Alt 0163, kuti athandizike amene adzakhale pampandowu ine nditachoka. Malo anali ochepa, choncho ndinalemba mothina kwambiri, mpaka zilembo zanga zinakhudzana ndi zake.