Banga Lakuda pa Zithunzi za Zakia

Mayi Amida Bakali akhala akujambula mkati mwa anthu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Anayamba ndi ekisire pa chipatala china ku Mangochi, kujambula nthiti za asodzi ndi miyendo ya akabaza ogwa panjinga. Anthu a kafukufuku atabweretsa makina a MRI oti aziona mmene ubongo wa makanda umakulira, aliyense analoza iwo. Sukulu yawo inathera pa dipuloma, koma kugoneka khanda m'makina aphokoso aja osalira, iwowo ndiye anali eni ake. Akamaseka, a ku wodi ya amayi amadziwa kuti a Bakali afika.

Chaka chatha anawapatsa mtsikana woti amuphunzitse ntchito, Zakia Iddi wa ku Chowe, yemwe anali atangomaliza digiri ya sayansi. Mtima wake unali pa digiri yachiwiri, ya masitazi, ya kakulidwe ka ubongo wa ana, ku yunivesite ina yakunja. Malo anali amodzi, ndipo aphunzitsi akumeneko ankafuna lipoti la ntchito yake pofika Lachisanu. Kafukufuku ankatha mu Disembala, choncho akaphonya apa ndiye kuti mwayi wapita.

Lolemba la sabata imeneyo, m'mawa, Zakia analowa chothamanga, mpango utapendekeka.

"Anti, tabwerani mudzaone. Ndapeza chinthu."

Pakompyuta panali zithunzi za ana makumi awiri. Pa zisanu ndi zinayi, kutsogolo kwa ubongo, panali banga lakuda ngati pamene pagwera khala pachitenje. Ana a mabangawo anali a m'tauni ndi ku Chowe, a ku Chembe analibe. Zakia anali atalemba kale masamba anayi, ati mwina usipa umene amayi a ku Chembe amadya ukuteteza ana awo.

Mayi Bakali nawonso mtima unadumpha, tisawanamizire. Anamugwira phewa, nayamba kuona mtsikanayu atavala mkanjo wa maphunziro. Kenako anayang'ana masiku a zithunzizo. Zithunzi zonse za mabanga zinali za sabata imene iwo anali kumaliro ku Monkey Bay, Zakia akujambula yekha.

"Anawa unawayang'ana kumaso?"

"Ndinachotsa mapini onse, Anti, monga munandiuzira."

Anamukokera pakhonde pamene amayi amadikira. Pabenchi panali mayi wina dzina lake Safia, akuyamwitsa mwana wa miyezi inayi. Nsidze za mwanayo zinali zakuda bii, ndi kadontho pamphumi. Anali atampaka wanja, utoto uja amayi amapaka makanda kuti diso loipa lisawagwere.

"Wanja wina amakhala ndi tizitsulo," anatero Mayi Bakali chapansipansi. "Makina athu ndi maginito."

Anapempha chilolezo kwa Safia, najambula mwanayo momwemo. Banga linatuluka. Anampukuta ndi kansalu konyowa, nkumjambulanso. Ubongo unaoneka bwinobwino, wopanda banga.

Zakia anakhala pansi nkulira. Masamba anayi anapita madzi, masiku atatsala anayi. Chinamupweteka kwambiri nchakuti wanjayo amamuona tsiku ndi tsiku pa ana a achemwali ake, mpaka diso linasiya kumuona.

Mayi Bakali anachita manyazi. Miyezi yonseyi manja awo ankapukuta nkhope za makanda okha, pakamwa pali pa nkhani za mtengo wa chambo, ndipo sanaganizepo zoti nchinthu chophunzitsa munthu.

"Wolakwa ndine, mwanangu, sindinakuuze. Koma tandiuza, m'malangizo amene anabwera ndi makinawa analembamo za wanja?"

Zakia anafufuza mpaka masana. Munali za ndolo, mabatani ndi mapini. Za wanja munalibe.

"Ndiye ukulirira chiyani? Lemba zimenezo."

Masiku atatu otsatira kunali kalikiliki. Mayi Bakali anaimbira foni amayi asanu ndi anayi aja, ena m'Chiyao, ena powatumizira kabaza, uku akuwalonjeza kuti mwana akatuluka ampakanso wanja wake pomwepo. Anabwera asanu ndi atatu. Zakia ankajambula, Anti ali pambali manja kumbuyo, kudziletsa kuti asagwire kanthu. Lachisanu, anthu akupita ku mapemphero a Juma, lipoti linatumizidwa.

Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Zakia anaima pakhomo atanyamula pepala, akuseka ndi misozi.

"Anditenga, Anti."

"Alhamdulillah!" Mayi Bakali anamukumbatira mpaka magalasi kugwa. Atawatola anaona kuti pepalalo linali tsamba loyamba la lipoti, ndipo pansi pa mutu panali mayina awiri. Loyamba linali lawo.

"Ichi chotsa. Ine ndi wa dipuloma chabe."

"Aphunzitsi akana. Ati lisindikizidwa momwemo, ndipo akufuna mulankhule nawo Lachitatu."

Mayi Bakali anawerenganso dzinalo, chala chikutsata chilembo chilichonse. Anasangalala kwambiri, moti anachita kukhala pansi.

"Lachitatu nthawi yanji?" anafunsa.